Mchere ndi Thonje la Zidole

Ndinatengedwa kuchoka kwathu ku mapiri a ku Ntchisi kupita pamudzi pa amuna anga, kufupi ndi Msakambewa, ndili mtsikana wodziwa kuwerenga, kulemba ndi kuyankha. Chachitatucho ndiye chinkawasowetsa mtendere anthu a pamudzipo. Tisanathe n'chaka chomwe m'banja, amuna anga anapita ku migodi ya ku Joni, n'kundisiya m'manja mwa amayi awo, amene anali amasiye, ndi alongo awo aakulu, alamu anga, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu.

Apongozi angawo anali mayi wamtali, wa tchalitchi weniweni, wosaseka chisawawa. Nkhanza analibe. Ankanditchula kuti "inu" kuyambira tsiku loyamba, ndipo akafuna kundidzudzula ankayamba ayang'ana kumbali ngati akulankhula ndi nkhokwe. Koma pa nkhani ya mchere, Baibulo ankayamba aliika kaye pambali. Sabata yoyamba yomweyo anandikhazika pansi n'kundiuza kuti mkazi akakhala kumwezi, kapena akayenda njira zosayenera, sathira mchere m'ndiwo. Amaitana mwana kuti amuthirire. Akathira yekha amadula anthu odya ndiwozo: amatupa, amatsokomola, amawonda mpaka kufa. Umenewo ndiwo mdulo. Ine zimenezi ndinkazidziwa kale, kwathu ku Ntchisi si kunja kwa dziko, ndipo mwambowo ndinkausunga mosaphonya. Masiku anga akafika ndinkaitana kamwana ka alamu anga, n'kukaikira mchere m'manja ndi chipande.

Zoluka zinabwera ndi namwino wina wa kuchipatala cha mishoni. Anafika pa njinga Lachinayi lina, tsiku limene amayi a mumpingo tinkasonkhana, n'kupempha kuti alankhule tikatha kupemphera. Anatiuza za matenda otchedwa khansa. Anati nthawi zina amayamba ngati kachotupa kosapweteka m'bere, nthawi zina ngati bala losapola, ndipo odwala ake amayenera kupita kuchipatala chachikulu ku Blantyre, ena mpaka kunja kwa dziko, koma ambiri amalephera ulendo n'kungokhala pakhomo. Amayi ena a m'tauni anali atayambitsa thumba lothandiza odwala oterowo, ndipo ankagulitsa zidole zoluka kwa azungu ndi mabwana. Chimene ankasowa chinali manja oluka.

Ife tinkamvetsera ngati akutiuza za anthu a kutsidya kwa nyanja zamchere. Mayi wina ananong'ona kuti amenewo ndi matenda a anthu odya shuga wambiri, ife odya nkhwani atipeza bwanji, ndipo tinaseka chamumtima. Apongozi anga okha ndiwo sanaseke. Anafunsa funso limodzi: "Kachotupa kosapwetekako, kakakula kamatani?" Namwino anati kamaphulika n'kukhala bala. Apongozi anagwedeza mutu, ndipo ndiwo anayamba kukweza dzanja kuti aluka nawo.

Singano zolukira tinalibe. Tinkatola masipoko a njinga zakutha n'kuwanola pamwala. Ulusi tinkaupeza pomasula majuzi akale amene namwino ankabweretsa, tinkauchapa n'kuukulunga pa botolo kuti uwongoke. Anatibweretseranso thumba lalikulu la thonje la ku Salima loti tiziika m'kati mwa zidolezo. Tinatha masiku tikuchotsa njere, ndipo thumbalo linakasungidwa kuchipinda kwa apongozi anga chifukwa ndiwo anali wamkulu wa gululo. Tinkaluka njovu, anyani ndi tiana tatikazi. Tianato tinkativeka masiketi opitirira mawondo, pakuti lamulo la kavalidwe linali litangokhwima kumene ndipo panalibe wofuna kuti chidole chake chikayankhe mlandu ku boma. Nsanza zosokera timadiresi tinkazisanthula kawirikawiri, kuopa kuti sizasi ingadule mwangozi kachidutswa ka chitenje cha chipani chokhala ndi nkhope ya mwini dziko. Ku Dzaleka, kundende ya andale, sikunali kutali, ndipo msewu wake tonse tinkaudziwa.

Ine ntchito yanga inali nkhope. Ndinkasokerera mabatani a maso ndi kakamwa kofiira, ndipo sindibisa, zidole zanga zinkayang'ana munthu ngati zikufuna kumufunsa za kumudzi. Apongozi ndiwo ankaluka matupi, mwachangu kuposa tonse. Ankaluka akudikira madzi kuwira, ankaluka pamaliro, ankaluka mpaka maso kufiira. Tinkawaseka kuti afuna kuchiritsa dziko lonse ndi masipoko awiri.

Mphepo ya mwezi wa June itapita, apongozi anayamba kuwonda. Kenako kunabwera chifuwa chouma, kenako dzanja lamanzere linatupa kuyambira paphewa mpaka kuzala, moti ankaluka atalikanikiza m'nthiti. Dzuwa la October linafika, anthu tonse tikupuma ngati nkhuku, iwo ali chivalire juzi ndi nsalu yokulunga pachifuwa. Ndinawapempha kuti tipite kuchipatala, anati ndi chimfine. Alamu anga anachoka m'mawa wina akuti akukagula nkhuku kutsidya kwa dambo, ndipo anabwerako opanda nkhuku, ali ndi kamtolo ka mizu. Anthu a tchalitchi kwa sing'anga amapita choncho.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, anandiitanira pakhonde la apongozi. Apongoziwo anali pamkeka, akuluka mwendo wa njovu.

"Alamu," anatero alamu anga, "amayi awapeza ndi mdulo. Wophika pakhomo pano ndi ndani?"

"Ndine," ndinayankha, ndisanamvetse kumene nkhani ikulowera.

"Ndiye tiuzeni tsiku limene munathira mchere musanayenere."

Ndinamva ngati andithira madzi ozizira kumsana. Ndinati mwana wawo yemwe ndiye mboni yanga, amufunse kangati ndamuitanira kukhitchini.

"Mwana sadziwa kuwerenga masiku a munthu wamkulu," anatero. "Ndiponso mwina si za kumwezi ayi. Achimwene ali ku Joni, inu muli pano, wamng'ono, wa kusukulu. Ife sitikutsatani mukamapita kuchigayo."

Ndinayang'ana apongozi. Ndinkadikira kuti atukule mutu, anene mawu amodzi okha, pakuti iwo ndiwo ankagona nyumba yoyandikana ndi yanga ndipo ankadziwa kutuluka ndi kulowa kwanga konse. Sanatukule mutu. Masipoko ankangogundana, ulusi ukuyenda. Chimene chinandidzidzimutsa kwambiri tsiku limenelo sichinali mawu a alamu anga ayi, chinali kukhala chete kwa apongoziwo.

Alamu anamaliza ndi kunena kuti mankhwala a mdulo sagwira wolakwayo asanavomere. Ndikavomera, amayi achira ndipo nkhani ithera m'nyumba. Ndikakana, aitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndipo ndibwerera kwathu. Kunena kwina, ndisankhe dzina la mkazi woyendayenda kapena ndisiye banja. Ndinati sindingavomere chimene sindinachite, ndipo ndinanena mokweza kuposa mmene mtengwa amayenera kulankhulira.

Kuyambira pamenepo anandichotsa kukhitchini. Ndinkaphika kanga ndekha kuseri kwa nyumba, ntchito yanga pakhomo n'kutsala yotunga madzi ndi kutola nkhuni. Lachinayi lotsatira nditafika kolukira, amayi amene dzulo lake tinkabwerekana sizasi anayamba kusuntha mikeka pang'onopang'ono, aliyense akunamizira kuthawa dzuwa. Alamu anabweretsa dengu lachiwiri n'kunena kuti zidole zimene ndazigwira ine ziziikidwa padera, chifukwa zikupita m'manja mwa ana a eni ake. Palibe anatsutsa. Tinatsegula ndi pemphero monga mwa nthawi zonse, n'kupempherera odwala khansa a kutali aja.

Tsiku lomwelo panabuka kankhani kena. Thonje linali litatsala pang'ono kutha. Thumba lija linali lalikulu, loti likanatifikitsa ku Khirisimasi, koma njovu zathu zinali zitayamba kale kutuluka nthiti ngati za m'chaka cha njala. Mayi wina anati kapena makoswe. Alamu anga anati kapena wina wasokera pilo, ndipo ananena akuyang'ana kumene ndinakhala ine. Ndinangoluma mano, pakuti munthu amene akumuganizira zopha apongozi ake alibe nthawi yokangana za pilo.

Ankhoswe anawaitanira Loweruka. Chapakati pa sabatayo, masana, anthu onse ali kumunda kukasosa, ndinabwera ndi ndowa ya madzi kuchokera kuchitsime. Ndikudutsa kuseri kwa bafa la udzu la apongozi ndinamva beseni likugwa, kenako kubuula. Ndinaganiza kuti akomoka. Ndinatula ndowa n'kulowa osaodira.

Anali atakhala pamwala wosambira, juzi ndi nsalu zili pansi. Pamene panayenera kukhala bere lamanzere panali bala lalikulu lotseguka, lakuda m'mbali, lonyowa, ngati dzungu limene lawolera m'munda. Fungo lake linandibweza m'mbuyo. M'dzanja lamanja anagwira thonje loyera, lochotsedwa njere bwinobwino, thonje lathu la zidole, ndipo lina lodetsedwa linali mulu pambali. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa.

"Tulukani," anatero, osakweza mawu.

"Amayi, chimenechi n'chiyani?"

"Mukuchidziwa. Munalipo tsiku lija namwino ankafotokoza."

"Chinayamba liti?"

Anayang'ana madzi amene ankalowa m'dothi. "Kanali kambulu ngati nzama," anatero. "Chaka chija mwana wanga ankakufunsirani mbeta."

Ndiye kuti ine ndisanaponde pamudzipo, ndisanagwire mphika wawo ngakhale umodzi. Ankadziwa pamene ankandilangiza za mchere. Ankadziwa pamene anakweza dzanja pamaso pa namwino. Ankadziwa pakhonde paja, alamu akunditchula zimene ananditchulazo, iwo akuluka mwendo wa njovu. Chisoni chimene chinandigwira nditaona balalo chinatembenuka n'kukhala mkwiyo woti sindinaumvepo, ndipo ulemu wonse wa mtengwa unandithawa.

"Ndiye mchere wanga walowa pati pamenepa, amayi?"

"Sunalowepo."

"Nanga bwanji munangokhala chete?"

"Mdulo uli ndi mankhwala," anatero. "Ana anga akamati ndi mdulo, amagona tulo. Ichi akachidziwa andinyamula kupita ku Blantyre, akandivula pamaso pa amuna, akandidula, ndikafera komweko n'kuikidwa ndi akaidi. Ine ndikufuna kugona pafupi ndi bambo awo." Anapuma pang'ono chifukwa cha chifuwa. "Ndinkati anena, anena, atopa. Sindinkadziwa kuti afika poitana ankhoswe. Musauze munthu, ndapota nanu."

Anayesa kumanga nsalu pachifuwa ndi dzanja limodzi, inakana. Ndinagwada n'kuwaikira thonje pabalapo, n'kuwamanga, ndipo manja anga sanali ofewa tsiku limenelo. Nditamaliza ndinati, "Sindiuza munthu. Koma sindivomeranso bodza. Loweruka ndikanyamuka kupita kwathu, mudzatsala mukudziwa nokha chimene mwachita." Ndinatola thonje lodetsedwa lija n'kukalikwirira kudzala.

Wina angaganize kuti ndinasunga chinsinsicho chifukwa cha mtima wabwino. Ayi ndithu. Ndinkadziwa kuti ndikanena ine, alamu adzati mtengwa wapeka matenda a azungu kuti athawe mlandu, ndipo panalibe amene akanalimba mtima kukavula mayi wamkulu ngati ameneyo kuti aone. Mawuwo ankayenera kutuluka pakamwa pa eni ake. Masiku otsalawo ndinamanga katundu wanga m'chitenje, ndinkawatungira madzi osamba monga kale, ndipo tikakumana pakhomo aliyense ankayang'ana kwake.

Loweruka amalume anga anafika pa njinga kuchokera ku Ntchisi, fumbi lili mpaka m'nsidze. A mbali ya amuna anga anabweranso, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, ife pamikeka. Amayi angapo a kolukira anapezeka kuti ali ndi zochita pafupi pomwepo. Alamu anafotokoza zonse, kuyambira chifuwa mpaka kuchigayo. Ankhoswe anandifunsa ngati ndikuvomera, ndinakana. Anandifunsanso mofatsa, amalume anga akundiyang'ana ndi maso ondipempha kuti ndingogonja, ndinakananso. Apongozi anali atatsamira khoma, maso ali pansi, ndipo ndinaona kuti nkhani yanga yatha. Akuluakulu anayamba kugwirizana kuti ndipite kaye kwathu mpaka amuna anga adzabwere kuchokera ku Joni. Tonse tinkadziwa kuti "kaye" ameneyo alibe pobwerera.

Pamenepo apongozi anaitana alamu anga. "Kanditengereni ndiwo zija ndinati musathire mchere. Mubweretse ndi mchere womwe."

Alamu anadabwa, koma anapita, pakuti amayi awo anali atatha masiku osapempha chakudya. Anabwera ndi kambale ka nkhwani wotendera ndi kachitini ka mchere. Apongozi analandira kachitiniko n'kukatambasulira kwa ine.

"Thirani."

"Amayi, mukufuna kudzipha?" anatero alamu anga.

"Ndati thirani," anabwereza, akuyang'ana ine, ndipo aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chichokereni kubafa kuja.

Ndinakwawa ndi mawondo mpaka pamene anakhala. Ndinatapa pang'ono n'kuwaza, iwo anavundula ndi chala, n'kulawa pamaso pa anthu onse. Anameza movutikira. Ngakhale amayi a zochita aja anasiya kunamizira.

"Mwachepetsa," anatero. "Onjezani."

Ndinaonjezera. Anadyanso, n'kupukuta chala pansalu.

"Mwana uyu sanadule munthu," anatero. "Matenda anga ndi aja tikulukira zidole. Ndinawadziwa iye asanabwere pakhomo pano. Thonje lija ndamaliza ndine, ndimatsekera bala. Amene akufuna kuona, amuna atembenuke, ndimuonetse."

Palibe anapempha kuona. Alamu anga anakhala pansi padothi pomwe anaimapo, manja ali kumutu, osalira, akungoyang'ana juzi la amayi awo ngati akuliona koyamba. Amalume anga anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kuchivulanso. Mmodzi wa amayi aja anati chapansipansi, "Komatu timawapempherera Lachinayi lililonse," ndipo sanamalize. Ine ndinali ndidakagwira kachitini ka mchere. Ndinali nditawina mlandu, koma chimwemwe sindinachimve, chifukwa ndinkadziwa chimene apongozi alipira: zonse zimene ankaopa kubafa kuja tsopano zinali panjira.

Ndipo zinabweradi. Alamu anathamangira kwa namwino, ndipo galimoto imene inabwera kudzatenga zidole ndi yomweyo inatenga apongozi. Atafunsidwa woti akawadikirire kuchipatala, anatchula ine. M'mawa wa ulendowo ndinaona alamu akukhuthulira dengu langa lija m'dengu lalikulu, n'kusakaniza ndi dzanja kuti zisadziwike. Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo mpaka anamwalira sananenepo mawu ena pa nkhaniyo.

Ku Blantyre anawavuladi pamaso pa amuna, ine nditawagwira dzanja. Madokotala anati tachedwa, palibenso choti adule. Thumba lija la amayi a m'tauni ndilo linatilipirira ulendo wobwerera, motero mwina njovu ina yowonda ya apongozi inawathandiza kudzafera kwawo. Anakhala nafe mpaka chimanga chitayamba ngaiyaye. Bala ndinkatsuka ndine tsiku ndi tsiku, ndi thonje limene namwino tsopano ankabweretsa poyera. Anagona pafupi ndi bambo a ana awo monga ankafunira, amuna anga asanabwere.

Anthu amandifunsa ngati ndinawakhululukira. Ndinawakhululukira, koma osati tsiku la ankhoswe lija, ndiponso osati zonse nthawi imodzi. Panali masiku ena ndikuwatsuka pamene ndinkakumbukira masipoko akugundana pakhonde paja, mkwiyo n'kubwereranso, ndipo iwo ankadziwa, chifukwa ankatseka maso n'kunena kuti, "Pang'onopang'ono, apongozi." Miyezi yomalizayo sankalola chakudya chophika munthu wina. Alamu akabweretsa phala ankalibweza, amvekere aphike mtengwa. Lilime linali litafa, sankamvanso kukoma kwa kanthu, koma mbale iliyonse imene ndinkawapatsa ankalawa n'kundiuza kuti ndachepetsa, makamaka pakakhala alendo. Ine ndinkaonjezera, iwo n'kudya timasipuni tiwiri, anthu akuona.